Tsiku limene apongozi anandigenda ndi soya

Vuto langa ine sindidziwa kukana. Ndikanakhala wodziwa, bwenzi lero Amalawi a mumpingo mwathu asakunditcha Chiwanda cha ku Partick, dera limene ndimakhala kunja kuno.

Khomo loyang'anana ndi langa, pansanjika yachitatu, ndi la Mayi Yuki a ku Japan, omwe ali ndi tiatsikana tiwiri. Tsiku lina kumayambiriro kwa Febuluwale anagogoda atanyamula chigoba chofiira, cha nyanga ziwiri ndi mano apamtunda. Anandiuza kuti kwawo, nyengo yozizira ikamapita kumapeto, anthu amasonkhana ku kachisi wa chipembedzo chawo cha Shinto n'kumaponya soya wokazinga, kuthamangitsa ziwanda ndi kuitana mwayi. Kunyumba, bambo ndiye amavala chigoba n'kukhala chiwandacho. Kuno kachisi kulibe, amuna awo anali kutali, mumzinda wa Aberdeen, ndipo ana anali atayamba kale kulengeza misozi.

"Mphindi zisanu zokha," anatero, akundipatsa chigobacho kuti ndivale.

Ndinavomera. Komatu tsiku lomwelo kumabwera a Mbewe, mkulu wa mpingo, ndi akazi awo, kudzaona pamene amakhala munthu wofuna kukwatira mwana wawo Tadala. (A Mbewe amenewa kumudzi ankadula anthu mumpingo chifukwa chongoonerera gule wamkulu.) Anati afika sikisi koloko, ndiye ine ndinawerengera nthawi yakwathu: seveni.

Nditavala chigoba, sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinabangula, ndinalumpha, miyendo n'kukumbuka yokha masitepe a gule wamkulu amene ndinkasuzumira ndili mwana ku Dedza. Ana aja anandithira soya kumaso uku akukuwa m'chinenero chawo kuti ziwanda kunja, mwayi m'nyumba. Ndinathawira pakhomo, n'kutsetsereka pamakwerero manja ali m'mwamba, iwo ali pambuyo.

Pokhota, maso ndi maso ndi a Mbewe, ali mu suti, Baibulo kukhwapa. Nthawi inali isanakwane n'komwe.

"Ambuye Yesu!" anakuwa akazi awo, n'kugwira khoma.

Munthu wanzeru akanapitirira kuthawa mpaka kukakwera sitima, palibe akanamudziwa. Ine ulemu unandipweteka. Ndinanjuta, n'kuomba m'manja, nyanga zili chilili.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Soya ankangogubuduka pamakwerero.

"Mawu awa ndikuwadziwa," anatero a Mbewe. "Kani ndiwe wa gule, iwe?"

Ndinaona ukwati wanga ukuthera pompo, ndipo ndinachita mantha enieni. Tadala, amene anabwera nawo, m'malo mondithandiza, anakhala pansi n'kumaseka mpaka misozi. Anandipulumutsa ndi Mayi Yuki, amene anatsika akuwerama kupepesa, n'kufotokoza mwambo wonse. A Mbewe anamvetsera nkhope ili gwa.

"Ndiye kuti anawa akuchipirikitsa chiwandachi? Sakuchipembedza?"

"Akuchipirikitsa, bambo," ndinayankha ndili m'chigoba.

A Mbewe anapatsira akazi awo Baibulo, n'kuvula jekete.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikulimbana nacho osachiona. Bweretsani soyayo."

Abale, mkulu uja ali ndi dzanja! Anandithamangitsa mpaka pamsewu, ana akuwachemerera, nawonso akazi awo akulowetsapo yawo. Kenako tonse tinakwera kukamwa tiyi, aliyense n'kudya njere za soya zofanana ndi zaka zake monga mwa mwambo (mayi a Tadala anadya makumi atatu n'kunena kuti akhuta).

Tadala ndinamukwatira. Koma Febuluwale aliyense foni imalira: "Mkamwini, chigoba chija chilipo? Soya ndagula kale."

Ndipo ine, monga ndanena, sindidziwa kukana.