Adokotala Amene Ankayamba ndi Mapazi

Mvula yakhazikika. Matope afika m'akakolo, nsapato sizikuuma, ndipo nyengo ngati ino imafuna kuti munthu azipukuta pakati pa zala za kumapazi. Amene ankatikalipira tikaiwala tinawaika m'manda sabata yatha.

Adokotala athu ankayamba ndi mapazi. Udwale mutu, udwale khutu, ukangolowa m'kachipinda kawo konunkha sipiriti, ankaloza kampando.

"Vulani nsapato."

Atelala anapita tsaya litatupa.

"Ndi dzinotu, adokotala."

"Dzino silithawa. Vulani."

"Sokosi zanga n'zong'ambika."

"Ndaonapo zoopsa kuposa sokosi zanu, achimwene."

Anavula. Abusa anavula, apolisi anavula. Zinafika poti ukaona munthu akukwecha zidendene ndi mwala m'mawa, unkangoti, "Pepani, mwadzuka ndi chiyani?" Mkazi wa ogulitsa makala atachira, bambo wa mwana anathamangira pakhomo, wefuwefu.

"Ndi mwana wanji?"

"Zala zonse zilipo," anatero adokotala. "Zinazo kafunseni mayi ake."

Tinkaseka. Tinkadziwa kuti kale ankachita maopaleshoni ku usilikali, ndipo jombo zawo sankazivula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Koma za kunkhondo sankanena.

Ine ndinazimva chilimwe chathachi. Bambo anga, kalipentala wodwala shuga, anaponda msomali n'kubisa. Pomwe fungo linkawaulula, phazi linali litada m'mbali. Kuchipatala chachikulu anati mwendo udulidwe pansi pa bondo. Bambo anakana, nabwerera kunyumba kudzagona moyang'ana khoma.

Adokotala anabwera pa njinga, osaitanidwa. Analiyang'ana phazilo nthawi yaitali.

"Ndinadula miyendo ya anyamata mu tenti, ena osawadziwa ndi dzina lomwe," anatero, osatiyang'ana. "Ina ikanapola ndikanakhala ndi nthawi. Kunalibe nthawi. Pano ilipo."

Anatenga cholembera n'kujambula mzere kuzungulira podapo.

"Kudaku kukadumpha mzerewu, ndikunyamulani ndekha kokadula. Kukapanda kudumpha, mwendo ndi wathu. Iwe, wiritsa madzi."

M'mawa uliwonse belu la njinga linkalira pakhomo.

"Mwabwera kudzaona ine kapena phazi?" bambo ankafunsa.

"Phazi. Inu mumalongolola, ilo lili ndi ulemu."

"Ndiye tiyi akuphikireni lomwelo."

Mitambo itayamba kusonkhana, njinga ija adokotala anayamba kumaikankha. Ankaima pamtunda, kukhosomola, n'kunamizira kuti akuona tcheni. Manja ankanjenjemera. Tsiku lina anandipatsa ine thonje ndi kachitsulo kopanira.

"Ine, adokotala? Ndimaopa magazi."

"Inenso. Gwira."

Anaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukulira ngati chitseko chakale.

"Usalisisite ngati kamwana ka mphaka. Chotsa zakufazo. Yambira pakati, uzipita kunja."

"Mayo! Mwana wanga yemwe akundipha!" bambo anakuwa.

"Akufa sakuwa choncho. Pitiriza, mwana wanga."

Adokotala anamwalira masana, pampando wawo wa kuchipatala, mvula yoyamba ikugwa pamalata. Wodwala amene anali patsogolo pawo anakhala nsapato zili m'manja, kudikira kuti adzuke, poganiza kuti akusinza. Anamwino amene anakalamba nawo pantchito ndiwo anawavula jombo. Anthu anawaunjirira kufunsa zomwe anaona, ngati zala zinali zokwanira, ngati munali zipolopolo.

"Anali mapazi a munthu wotopa," anatero anamwino.

Kwabwera dokotala wina, wachinyamata, waulemu. Amakuyang'ana kumaso n'kufunsa pomwe pakupweteka. Anthu amatuluka ndi mankhwala oyenera, zingwe za nsapato zili chimangire, akuyenda ngati aiwala kanthu mkatimo. Atelala akuti anawerama kuti amasule, mnyamatayo n'kuwafunsa ngati agwetsa china. Atelalawo anabwera kwathu kudzatiuza kuti tiseke, koma pakati pa nkhani mawu anawathera.

Phazi la bambo silinapole. Dokotala watsopano analiona n'kunena zomwezija: likaipa, galimoto yopita kokadula ilipo.

Lero m'mawa bambo anatchera khutu kumsewu, ngakhale amadziwa kuti belu la njinga silidzaliranso. Ndinawiritsa madzi, ndinasamba m'manja, ndinamasula bandeji. Inki ija yafufutika, koma ikuoneka. Kuda sikunaidumphe. M'mbali mwa bala mwatuluka kamnofu kofiirira, kosalala ngati nsonga ya mbewu yongomera kumene.

"Kuli bwanji kumeneko?"

"Khalani chete, bambo. Musagwedezeke."

Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, koma phazi analigwira lili phee. Ndinatsuka kuyambira pakati kupita kunja. Ndinaumitsa, ndinaika thonje latsopano, ndinakulunga bandeji n'kumanga. Kenako ndinanyamula beseni n'kukataya madzi kuseri kwa nyumba.