Njerwa Zanga Zinapsera ku Dzuwa

Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, abwere pano andiuze kumene iye anali chaka chimene uvuni wanga wa njerwa unauluka, chifukwa ndikakuyang'anani nonsenu ndikuona kuti nthawi imeneyo amayi anu anali akuphikabe masanje kuseri kwa nkhokwe.

Mwatuluka m'nyumba ya kanemamo maso ali psuu, mukukangana kuti anthu a mitu ya agalu ndi ya mphamba aja, amene atsika kuchokera ku nyenyezi ndi chiphiri chosongoka n'kumati ndife milungu ya ku Ejipito, ndi zopanga pakompyuta. Inenso ndasuzumira pansalu ya pakhomopo, ndaona. Wa mutu wa galuyo ine ndinakhala naye mphasa imodzi. Wopanga kanemayo walakwitsa: wamutalikitsa kwambiri pamene mwini wakeyo amandilekeza m'phewa mumu, ndiponso sanaonetse kuti amatsokomola. Mukumva?

Ine kwathu ndi ku Thyolo. Makolo anga anabwera kuno pa utenanti wa fodya, ndinakulira pa esiteti, ndipo nditakwatira Anaphiri ndinapita kukakhala kwawo, kuseri kwa Nsaru kuno, mkamwini weniweni wopanda ngakhale mtengo wa papaya woti nkuloza kuti uwu ndi wanga. Tinkagona m'kanyumba kaudzu kodontha mpaka mphasa kuyandama. Apongozi anga aakazi anapirira nane mpaka analema, ndipo tsiku lina anatuma atsibweni ake a Anaphiri kudzandiuza kuti mvula ikagwa mwana wawo asanaone njerwa zootcha pakhomo, ndinyamule khasu langa ndibwerere kumene ndinachokera. Ndinaopa. Sindibisa, mkazi wangayo ndinkamukonda moti ndikamva akuseka kuchitsime ndinkaiwala chimene ndimalima.

Ndiye ndinatsikira kudambo ndi chikombole, ndinaumba njerwa mpaka dzenje limene ndinkakumbalo linafika pamadzi, madziwo n'kutuluka ndi milamba yake yomwe, ndipo nditaziyanika ndinazisanja uvuni waukulu pansi, wopita nuchepa kumwamba, wautali moti akhwangwala ankayamba apumula pakati asanafike pansonga, ndipo anthu opita ku Kabudula anasiya kufunsa njira, ankangoyendera uvuni wanga. Vuto linali limodzi, nkhuni. Mitengo yonse inali itathera m'mabalani a fodya, wotsala unali mango a apongozi, ndipo mango a apongozi mkamwini sayang'ana kawiri. Uvuni unangoima chomwecho, njerwa zaziwisi, mitambo yayamba kale kuda cha ku Mchinji. Inu amene munaumbapo mukudziwa chimene mvula imachita ndi njerwa yosapsa, imaibwezera kudambo.

Tsiku limenelo dzuwa lili paliwombo ndinali pamwamba pa uvuni ndikufolera ndi udzu, poti munthu wosowa chochita amachita chilichonse. Ndinangoona mdima. Nditayang'ana kumwamba, chinthu chachitsulo chosongoka, chachikulu kuposa msika wonse wa Nsaru ndi sitolo zake, chopanda kanthu kunsi kwake, chikutsika osalira, osatulutsa utsi, mpaka chinavundikira uvuni wonse ndi ine ndemwe ngati dengu pa nkhuku. M'kati munayaka nyale, khomo linatseguka, ndipo munatuluka anthu a mitu ya nyama, wina wa mphamba, wina wa nkhosa, wina wa mphaka, patsogolo pawo wa mutu wa galu, wakuda bii, makutu ali njo.

Tsopano inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Munthu ali kuseri kwa Nsaru, mwezi wa zikumbutso za maliro, akuona mitu ya nyama pa matupi a anthu. Ndinati ndi gule. Ometa amene muli pano musandidye, sindikuulula kanthu, ine ndine Mkatolika wa ku Thyolo, zakudambwe sindizidziwa. Koma ngakhale wosameta ali ndi maso, ndipo maso amathamangira kumapazi. Wa mutu wa galuyo chala chake chachiwiri chinakwera pa chachikulu, ndipo chala chotero m'mudzi monse anali nacho munthu mmodzi yekha, mlamu wanga Sitefano, mchimwene wake wa Anaphiri. Kenako anatsokomola, chifuwa chomwe chija cha fodya wa chingambwe. Mantha onse anandithera pomwepo.

Mlamu ndi mlamu, sumugwadira. Ndinatsika pa uvuni, ndinamumenya kambama pamsana, ndikuti, "Alamu, mwayamba kuvina masana opanda ng'oma? Ndi njala eti? Mlongo wanu waphika maungu, pitani mukapemphe." Anzake aja anagwa chafufumimba ndi mantha. Ine ndinawonjeza, ndinamukoka khutu, ndipo khutulo linali lofunda, lili ndi nkhupakupa yake kunsi, koma ndinangoti anyamata a masiku ano aluso.

Ndinazindikira mochedwa. Kunsi kwa chombo chija kunatsekeka, pansi panagwedezeka, ndinasuzumira pazenera, ndinaona dambo likuchepa, Nsaru akuchepa, msewu wa ku Mchinji wasanduka ulusi, Msundwe ndi Namitete zagundana, phiri la Dzalanyama lasanduka mzere wa mbatata, kenako dziko lonse lozungulira lili lende popanda chingwe, ndipo uvuni wanga uli pakati pa chombocho njerwa osagwa ngakhale imodzi, chifukwa ine ndikasanja ndasanja. Mukumva? Anandifotokozera m'Chichewa cha m'mabuku akale a kutchalitchi kuti kalekale iwo anamanga nyumba zosongoka ku Ejipito zoti chombo chawo chizitera, ndipo ataona uvuni wanga ali kumwamba anayesa kuti Farao wina anasamutsira imodzi kuno osawauza, ndiye akuitenga kubwerera nayo kwawo. Pamenepo ndinadziwa kuti amene ndamukoka khutuyo si Sitefano. Koma chilamu ukachiyamba suchisiyira panjira, ukangosintha nkhope ndiye kuti wavomera kuti unatukwana.

Wa mutu wa galuyo ntchito yake inali yoyeza mitima. Ali ndi sikelo, mbali ina amaika nthenga, mbali ina mtima wa munthu, ndipo mtima ukalemera kuposa nthengayo amauponyera chilombo chimene chimagona pansi pa tebulo, kumaso ng'ona, pakati mkango, kumbuyo mvuu, chonunkha ngati khola la nkhumba m'dzinja. Anati aliyense wolowa m'chombo chawo amayezedwa, wamoyo kapena wakufa. Anapisa dzanja pachifuwa panga pano, anatulutsa mtima osatuluka magazi, anauika pa sikelo uku ukugunda, ndipo sikeloyo inagwera mbali yanga mpaka mbale inaboola tebulo, nthenga ija n'kuulukira kudenga. Chilombo chija chinadzuka n'kuyamba kunyambita milomo.

"Muli chiyani m'menemu?" anandifunsa.

"Muli mlongo wanu, alamu," ndinatero. "Muli Anaphiri, muli njerwa zosapsa, muli mvula ikubwera. Mukauponyera chilombo chanucho, mukamuuze nokha mlongo wanu chimene mwachita."

Kenako ndinamva kuchokera kwa wa mutu wa mphaka kuti chilengedwere dziko palibe amene anamutchulapo wa mutu wa galuyo kuti mlamu, palibe amene anamuseka, aliyense amabwera kwa iye akunjenjemera, mlongo analibe, womupatsa maungu analibe. Mlamu wangayo anatola nthenga ija, anaibwezera pambale, anayang'ana uku ndi uku, ndipo ndi maso angawa ndinamuona akutsamiritsa chala chachikulu mbali ya nthengayo, ndendende mmene amachitira mavenda a soya pamsika pano, mpaka sikelo inalingana. Anandibwezera mtima wanga, koma anauika mopendekeka pang'ono, n'chifukwa chake ndikakwera njinga ndimakhotera kumanzere.

Tsono poti tinali pachibale, ndinamuuza vuto langa lonse, iye anapita kukalankhula ndi mfumu yawo, wa mutu wa mphamba uja, amene ndiye ankayendetsa chombo komanso dzuwa ndi lake, amaliweta ngati mmene ife tiwetera ng'ombe. Mfumuyo inati njira yakwawo imadutsa pomwepo, palibe chovuta. Anatsegula kunsi kwa chombo, anamangirira uvuni ndi zingwe zachitsulo kuti ulendewere, ndipo anafunsa woti akhale pamwamba pake aziona mmene njerwa zikupsera, onse anayang'ana kumbali, milungu yathunthu kuopa moto, ndiye ndinakwera ine ndi kabudula wanga yemweyo ndi chipewa chamlaza.

Ana inu, dzuwa mumaliona lili kutali. Pafupi limalira ngati chigayo, lili ndi mizere ngati munda, ndipo m'mphepete mwake muli malo ofiira ndi malo oyera, ndiye ine poti ndikudziwa kuti moto wa njerwa sufuna phuma ndinkakuwa kuti tsitsani pang'ono, kwezani, tembenuzirani kum'mawa, mfumu ya mphamba ikumvera ngati mnyamata wa ngolo, chipewa chinapsa, tsitsi linapsa, dazi mukuliona ili si la ukalamba, ndinati nditulutse chimanga chouma chimene chinali m'thumba chinaphulika chisanatuluke n'komwe, ndinapichira fodya n'kuyatsira pansonga ya lawi lina, thukuta langa linkagwa molunjika mpaka linakafika ku Nambuma, anthu kumeneko anayesa mvula yoyamba n'kudzala chimanga chonse, chinapserera, mpaka lero kumeneko sindigulako kanthu. Mukumva? Njerwa zinayamba kuda, kenako kufiira, kenako zinayera mbee ngati zikufuna kusungunuka, pamenepo ndinati basi, chotsani, zapsa.

Iwo ankafunabe kupita nawo uvuniwo kwawo. Mlamu wanga wa galu ndiye anakana, anati nyumba ya mlongo wake siyopita nayo ku nyenyezi, anakangana ndi mfumu mpaka anauwa, ndipo chombo chinatembenuka. Sanaubwezere kudambo ayi, anautsitsa pabwalo pa apongozi penipeni, pafupi ndi malo omangapo, ngolo sindinabwereke. Potsazikana ndinamupatsa fodya wotsala uja ndipo ndinamuuza kuti chifuwacho akachionetse ku chipatala cha mishoni. Atangonyamuka, mvula inayamba, ya matalala, ndipo madontho akagwera pa uvuni ankasanduka nthunzi, mudzi wonse unalowa m'chifunga mpaka nkhuku zinakwera m'zitsa masanasana.

Apongozi anatuluka atafunda chitenje kumutu. Sanafunse kuti uvuni wayenda bwanji kuchoka kudambo. Anadikira kuti uzizire, anasolola njerwa ziwiri n'kuziwombanitsa, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kuparishi, akhristu anayesa belu n'kuyamba kusonkhana. Anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kumapazi, anati, "Nanga nkhuni munazitenga kuti?" Sanadikire yankho, anapita kuseri kukaona mango awo. Sitefano weniweniyo tinamupeza ali mtulo pansi pa nkhokwe, kachasu atamugwetsa kuyambira m'mawa, sanaone kanthu.

Nyumba ndinamanga, ya zipinda zake, khonde kutsogolo. Khasu langa silinabwerere ku Thyolo. Njerwa zimenezo zili ndi khalidwe lake, sizizizira, mwezi wa Juni anthu onse akuwotha moto ife tinkagona osafunda, Anaphiri ankaumitsa matewera a ana pongowatsamiritsa kukhoma, ndipo miyendo itayamba kuwavuta ukalamba utafika ankakhala atatsamira khoma la kuchipinda n'kumati ululu ukuchepa. Anamwalirira pomwepo, msana uli kukhoma, dzanja lili mwa ine.

Maliro atatha, tsitsi titameta, abale awo anakhala pansi n'kundisudzula mwaulemu wonse, monga mwa mwambo, palibe amene anandilakwira. Nyumba ndi ya mbumba, mukukhala mdzukulu wa mng'ono wawo wa Anaphiri. Ine ndinatenga mphasa ndi njinga, n'chifukwa chake mumandiona ndikugona kuseri kwa sitolo kuno. Anthu kumudziko amati khoma la nyumba ija limafunda chifukwa linayang'ana kumadzulo. Iwowo anali kuti pamene ine ndinkapsa dazi?

Ndiye iwe wa jekete yofiira, amene wakhala ukuseka chiyambire, njinga yanga iyo, tenga. Ukadutsa dambo ukafunse nyumba ya malemu Anaphiri, ukapemphe bwinobwino akulowetse kuchipinda, ukaike dzanja pakhoma la kumutu kwa bedi. Ukapeza lozizira, bwera udzanditchule wabodza pamaso pa anzakowa, ndidzavomera. Ukapeza lofunda, bweranso udzandiuze, chifukwa ine chichokereni sindinathe kupitako.