Mizere Yokhota ya Esinati

Lolemba

Mvula yoyamba yagwa dzulo, fumbi la kuno ku Chelstone lagona. Ndikufunafuna masamba a tiyi pamwamba pa kabati, dzanja lagunda chitini cha mkaka. Muli mbewu ya chimanga ya mkazi wanga Esinati, yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Ndi ya mtundu uja anachoka nawo kwawo ku Katete chaka chimene tinakwatirana. Chaka ndi chaka ankapatula chimanga chonenepa n'kusunga.

Papita milungu isanu ndi umodzi chimuikireni m'manda. Ndakhala pansi kukhitchini, chitini pamiyendo, tiyi osamwanso. Mbewu ina kulibe. Ikatha iyi, yatha.

Ndibzala ndine. Koma ndibzala mwa sukulu. Ku ofesi kwathu ku Longacres ndabwereka kabuku ka alimi a mafamu akuluakulu, kokhala ndi zithunzi za mathirakitala. Mitu inayi ndawerengera m'basi. Ndadzidzimuka! Zaka makumi awiri mayiyu ankabzala popanda muyeso uliwonse, ine ndikungodya.

Zofunika: chingwe, zikhomo, rula, nsapato zakale.

Lachiwiri

Ndaweruka msanga. Ndaima kuseri kwa nyumba kuyang'ana mizere yake ya chaka chatha. Yokhota yonse! Wina ukuzungulira mtengo wa mapeyala, wina wangothera panjira ngati kalata yosamaliza. Kabuku kakuti salazani munda, mizere iwongoke, mipata ifanane.

Ndasalaza yonse. Matuza anayi m'manja. Mpini wa khasu lake ndi waufupi, msana wanga wadziwa lero kuti anali wamfupi chotani.

Bana Mwila, mnansi wathu wa ku Luapula, asuzumira pampanda: "Shani ba neba? Mupanga gilaundi ya bola?" Ndawalongosolera mofatsa za ulimi wamakono. Iwo akuti, "Ba Esinati benze kuziba vamene benze kuchita."

Mayi wabwino, anatiphikira masiku onse a maliro. Koma mabuku sawerenga.

Lachitatu

Tsiku lalikulu! Ndapempha tchuthi.

Zingwe zisanu ndi zitatu, zowongoka ngati mizere ya m'kope, kuchokera pakhomo la khitchini kutsetsereka mpaka kumpanda wakumunsi. Ndasankha choncho kuti zizioneka bwino pawindo. Pakati pa mizere masentimita 90. Phando ndi phando masentimita 30. Kuya kwake ndikuyeza ndi pensulo yolemba chizindikiro. Mbewu imodzi paphando, osati zitatuzitatu zosakaniza ndi maungu monga ankachitira iye.

Ba Cheyamani a bulanchi ya Chipani, amene nyumba yawo ili kumunsi kwa mpanda wathu, aima ndi njinga: "Komuledi, ndiye vamene Chipani chifuna! Onse bakachita so, malaini ya unga ku shopu yazasila." Akutanthauza kuti mizere yogulira ufa idzatha. Ndachita manyazi, koma ndakondwa.

Ndabzala zonse, mpaka kugogoda chitini. Esinati ankasiya theka chaka chilichonse, sindidziwa chifukwa chake. Kabuku sikanena zosiya.

Lachinayi

Mayo ine! Nkhuku za Bana Mwila.

Ndikumeta ndevu, ndaona pawindo tambala akuyenda m'mbali mwa chingwe choyamba. Masitepe atatu, wapalasa, wameza. Masitepe atatu, wapalasa, wameza. Akazi ake asanu atenga chingwe chachiwiri. Sizikufufuza n'komwe, ndazilembera ndekha pamene pali chakudya. M'munda wa Esinati zinkasochera n'kutopa.

Ndazithamangitsa ndili ndi sopo kumaso, thalauza la kuntchito matope mpaka m'mawondo. Basi yandisiya. Mizere iwiri yapita.

Madzulo ndaimika mtengo pakati pa munda n'kuuveka chitenje cha Esinati chobiriwira kuti uziopseza nkhuku. Ndalowa m'nyumba, ndatembenuka, mphepo yachigwedeza. Ndatuluka kukachichotsa. Nkhuku zidye.

Lachisanu

Sindikukhulupirira zimene maso anga aona.

Cha m'ma 3 koloko kumwamba kwada bii. Ku ofesi tayatsa magetsi masana. Basi yaima theka la ola panjira, matalala akugogoda denga ngati ana a sukulu akuponya miyala. Mayi wina wayamba nyimbo ya kutchalitchi, tonse tavomera.

Ndafika pakhomo. Zowonongeka:

nthambi yaikulu ya mapeyala, pansi;
lata limodzi la bafa la Bana Mwila, lili pabwalo langa;
ndowa, sindikudziwa kumene yapita;
munda.

Munda kulibe! Mzere uliwonse wasanduka kamtsinje, kowongoka bwinobwino, kothamangira kumunsi. Dothi lakokoloka mpaka kuoneka miyala. Zikhomo zokha zaima nji, zingwe zili lende pamwamba pa ngalande zisanu ndi zitatu. Ndayeza, sindidziwa chimene chinandigwira. Mipata ikadali masentimita 90.

Loweruka

Ndatsegulanso kabuku kuti ndione zonena za mkuntho. Mutu wachisanu, tsamba loyamba lomwe: pamalo otsetsereka mizere ipingase mtunda, ikhote motsata malo, kuti igwire madzi. Pali ndi chithunzi. Ndi munda wa Esinati weniweni, kungosowa mtengo wa mapeyala!

Ine ndinalekezera mutu wachinayi chifukwa basi inali itafika pa siteji.

Mmawa wonse ndagwada m'matope ndi sefa ya tiyi. Ndapeza misomali itatu, batani, ndi supuni yaing'ono imene tinakanganirana ndi Esinati kalekale, iye akuti ndataya ndine. Mbewu ngakhale imodzi.

Bana Mwila abwera kudzatenga lata lawo. Ayang'ana munda, ayang'ana ine. "Si kanthu ba neba, bwezelanipo na hafu yamene munasiya." Ndawaonetsa chitini. Agwira pakamwa. "Yonse? Iyee, ba tata imwe. Na mwana aziba ati mvula yoyamba ni yaboza."

Andibweretsera chinangwa chophika. Chifundo chawocho chandipweteka kuposa matuza.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ndadzera kwa Ba Cheyamani, poti madzi onse anathera kumeneko. Kuseri kwa nyumba yawo, pamene bulanchi imachitira misonkhano, dothi langa lonse launjikana, lakuda, losalala. Ndawerama. Mbewu zili mbwee, zotupa, zina zatulutsa kale timizu toyera. Zamoyo!

Koma azunguliza kale mpanda wa timitengo, ndipo pa katoni alemba ndi makala: MUNDA WA BULANCHI.

Ndayamba kufotokoza. "Komuledi," akutero, "mvula ni ya Mulungu, nthaka ni ya Boma. Ba Gavana bazabwela kuona vamene tachita." Ndawauza za Esinati, za ku Katete. Avula chipewa. Akuti popeza ndikuoneka wodziwa za ulimi, andiika kukhala mlembi wa komiti ya munda. Kupalira ndi Loweruka lililonse, ndibwere ndi khasu langa. Pokolola adzandilola kusankha chimanga chitatu chambewu.

Ndavomera. Ndikanatani?

Esinati khadi la Chipani analikana moyo wake wonse. Pachipata cha msika ankangoti waliiwala m'chikwama china, mpaka anyamata a Chipani anatopa naye. Lero chimanga chake chalowa bulanchi, ine mlembi wake.

Kabuku ndikabweza mawa.