Mbuzi za Malume Zikana Kulowa mu Kompyuta

Lolemba, ku Mitundu

Ndafika kunyumba. Kusukulu atipatsa sabata imodzi, koma si ya tchuthi ayi. Alekichala athu akuti aliyense apeze bizinezi yeniyeni, aifufuze mmene imayendera, kenako aipangire detabesi, nkhokwe ya mu kompyuta yosungiramo zonse za bizineziyo. Loweruka tiwaonetse pa foni ya vidiyo mwini bizinezi ali pambali. Wolakwa polojekitiyi abwereza chaka.

Kubwereza chaka? Ine ayi! Amayi anauza kale anzawo onse a kumpingo kuti chaka cha mawa mwana wawo avala gauni ya digiri ya makompyuta ndi bizinezi. Ena anagula kale nsalu.

Anzanga m'kalasi asankha mashopu a m'tauni, wina famase, wina malo ogona alendo. Ine ndasankha mbuzi za malume ku Nathenje, zimene amagulitsa kwa anthu ootcha kanyenya m'mbali mwa msewu waukulu. Palibe wina amene aganize za mbuzi. Apa ndiye ndawatsogolera.

Dongosolo langa:
- Lachiwiri: kuwerenga mbuzi ndi kuzipatsa manambala
- Lachitatu: mafunso kwa malume
- Lachinayi: kumanga detabesi
- Lachisanu: kuiyesa
- Loweruka: kuwala!
- Lamulungu: kugona mpaka dzuwa litatentha

Ndawauza amayi akupeta mtedza pakhonde. Akuti, “Wati mbuzi za ndani?” Ndabwereza kuti za malume. Angoti “Ooo,” n'kupitiriza kupeta.

Madzulo a Nachisale oyandikana nafe abweretsa ayironi yakufa. Akuti, “Munthu wodziwa kompyuta, ayironi ingakukanike?” Yandikanika.

Lachiwiri, ku Nathenje

Ulendo wa kabaza wa njinga yamoto. Laputopu ndaikulunga m'chitenje n'kuifungatira ngati khanda. Fumbi m'maso, m'mano, m'makutu.

Malume andilandira mokondwa. Akuti bizinezi yawo ikalowa mu kompyuta, a kanyenya aziwagwadira. Ndafunsa kuti mbuzi zilipo zingati. Ayang'ana kumwamba, ayang'ana kukhola, akuti, “Zilipo ndithu.”

Khola lili mbee! Ino ndi nyengo yadzuwa, mbuzi zimangodziyendera. Zina zili kudimba, zina kuchigayo kukanyambita gaga, imodzi ili m'kalasi ya kupulaimale. Tsiku lonse ndakhala ndikuthamanga, ine mwana wa ku yunivesite, siketi m'manja.

Lamulo loyamba la detabesi: chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake, yosafanana ndi ya china. Anti, akazi a malume, andipatsa penti wotsala popaka chitseko. Mbuzi zitabwerera kukhola ndayamba kulemba pamsana pa iliyonse. Malume agwira nyanga, ine bulashi.

Zimene ndaphunzira lero, zomwe m'kalasi sanatiuze:
- mbuzi siima
- tonde amanunkha mpaka m'mafupa
- mbuzi ikatembenuka, 6 amasanduka 9
- penti sachoka m'zikhadabo

Komabe zonse zili ndi manambala. Gawo loyamba latheka! Msana wanga ndiwo wapita.

Lachitatu

Mafunso kwa malume, pansi pa mtengo wa mango. Ndakonza mafunso monga anatiphunzitsira, aafupi ndi olunjika.

Mumagulitsa liti? “Mavuto akafika.”
Mumadziwa bwanji yoyenera kugulitsa? “Imene yandikwiyitsa sabata imeneyo.”
Makasitomala anu ndi ndani? “Uja wamtali, ndi mnzake uja.”
Vuto lalikulu pa bizinezi yanu? “Anti akowa.”

Anti amva. Mbale zalira kukhitchini.

Ndili mkati molemba, Nambala 3 yafika mwakachetechete n'kutafuna chingwe cha chaja changa. Yachidula pakati penipeni! Yandiyang'ana m'maso ikumeza. Ndalira pang'ono, kuseri kwa nkhokwe, kuti malume asaone.

Masana kwabwera alendo awiri. Woyamba ndi bambo wa kutsidya kwa msewu. Akuti pentiyu ndi wa mtundu wa chipani china, ndiye akufuna adziwe ngati mbuzi za mudzi uno zalowa ndale, chifukwa imodzi yagona pakhonde pawo ndipo anthu ayamba kuwanena. Wachiwiri ndi mkulu wa mpingo wina. Akuti kulemba manambala pa zamoyo ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Ndawafotokozera za detabesi modekha. Amvetsera mpaka ndamaliza, kenako andipempherera.

Sindibwerera m'mbuyo. Kumalo ometera tsitsi pa Nathenje pali magetsi a sola, ndipo wometayo akuti ali ndi chaja chofanana ndi changa.

Lachinayi

M'mamawa nkhani: Nambala 4 yaswa ana awiri. Pulani yanga ili ndi makomo awiri okha, “yagulidwa” ndi “yagulitsidwa”. Khomo la “yabadwa” palibe. Buku lathu la kusukulu limakamba za sopo ndi shuga, zinthu zomwe siziswana usiku. Ndawonjezera khomo lachitatu. Palibe vuto!

Ndakhala pabenchi ya ometa kuyambira m'mawa. Wailesi ikulira mpaka mtima kunjenjemera, tsitsi la anthu likugwera pa mabatani. Aliyense wometedwa akusuzumira pa sikirini n'kufunsa ngati muli mafilimu. Komabe detabesi yaima! Mizere yoongoka bwino: nambala, mtundu, yaimuna kapena yaikazi, mwini. Ndadzinyadira.

Malo a “mwini” ndawakhoma kuti asamasiyidwe opanda dzina. Umo ndi mmene anatiphunzitsira.

Kunyumba ndafunsa. Malume akuti, “Lemba ine zonse.” Anti atuluka m'khitchini chipande chili m'manja: “Yoyera ija ndi ana ake ndi yanga, ndinasinthitsa ndi soya wanga!” Malume akuti, “Imagona m'khola la ndani?” Anti akuti, “Inunso mumagona m'mudzi mwa ndani?”

Alekichala amati uthenga ukakayikitsa, funsa munthu wachitatu. Ndaimbira amayi kuti angonditsimikizira. Amvetsera osandidula. Akuti, “Usalembe kanthu. Ndikubwera mawa.”

Chakumadzulo, chizimalupsa! Mvula yoyamba, yamphamvu, fungo la dothi lokoma. Anthu akusangalala. Ine ndathamangira kukhola. Manambala onse asungunuka. Mbuzi zonse tsopano ndi za mtundu umodzi, kuyambira kumsana mpaka kumapazi. Bambo wa kutsidya uja wadutsa akupukusa mutu.

Mawa ndilembanso. Ndine munthu wosagonja.

Lachisanu

Amayi atsika pa kabaza atavala nsalu ya kumaliro, m'chikwama muli zingwe. Zingwe, osati chingwe.

Moni wachitika mwaulemu wonse. Madzi amwa. Kenako alunjika kukhola.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ine ndaimva lero koyamba. Malemu agogo anga, amayi awo a amayi ndi malume, anasiya mbuzi yaikazi yakuda. Inali ya ana awo aakazi, koma amayi analibe khola, ndiye anaisungitsa kwa malume. Mbuziyo inafa kalekale. Koma amayi akuti yakuda iliyonse m'kholamo ndi mdzukulu wake, yamawangamawanga ndi mdzukulutubvi. Zaka zonsezi akhala chete poopa kuyambana ndi mlongo wawo. “Koma poti mwayamba kulemba m'makina, tilembe zoona.”

Malume akuti yakudayo inali yosabereka. Amayi aseka kuseka kumene ndimakudziwa, kumene kumabwera mbama isanafike.

Onse atatu andizungulira. Amayi akuti, “Afunse makinawo, makina sanama.” Ndafotokoza kuti kompyuta imadziwa zokhazo zimene munthu waiuza. Malume akuti, “Ndiye zaka zitatu zonsezi ukuphunzira chinthu chongobwereza zonena anthu? Bwenzi titangogula chinkhwe!”

Zandiwawa. Koma ndapeza nzeru: ndiwonjezera malo olemba mayi wa mbuzi iliyonse, kuti mtundu wonse uoneke. Ndagwira ntchito masana onse. Zotsatira zake:
- malinga ndi amayi, Nambala 8 inabadwa kwa Nambala 2
- malinga ndi anti, Nambala 2 inabadwa kwa Nambala 8
- malinga ndi malume, zonse ziwiri anagula kumsika wa Mitundu
- malinga ndi detabesi, Nambala 8 ndi agogo ake a iyo yomwe

Laputopu yatentha n'kuzima yokha.

Manambala ndalembanso, ulendo uno ndi makala osakaniza ndi mafuta ophikira. Mbuzi zikunyambitana.

Atumiza uthenga kwa a Chimbalanga, mkulu wa kubanja kwathu, kuti abwere mawa adzaweruze. Mawa! Tsiku langa lowala!

Loweruka

Ndadzuka ndi mtima umodzi: zivute zitani, alekichala aona detabesi ikugwira ntchito. Pa malo a “mwini” ndangolemba “banja”. Batire ndadzaza kwa ometa. Bandulo ndagula. Netiweki imagwira bwino pamwamba pa chulu kuseri kwa khola, ndiye ndakwezako mpando.

Ndili kwa ometa, a Chimbalanga afika kunyumba. Ndapeza anthu ali piringupiringu, moto ukuyaka, koma ndilibe nthawi yofunsa.

Malume avala jekete la ukwati wawo, manja ake akulekezera pachigongono. Akwera pachulu. Amayi nawo akwera. Anti nawo akwera. Chulu ndi chaching'ono.

Foni yalira. Nkhope ya alekichala ili pa sikirini, kumbuyo kwawo mashelefu a mabuku. Ndapereka moni m'Chingerezi changa cha Lamulungu. Afunsa kuti mwini bizinezi ndi uti.

“Ndine!” Mawu atatu.

Alekichala atsokomola. Akuti ndipitirize. Ndafotokoza zonse bwinobwino, mawu osanjenjemera. Akugwedeza mutu! Ndikuona malikisi akubwera! Kenako akuti, “Tasankha mbuzi imodzi, undiuze zimene detabesi ikunena, kenako undionetse mbuziyo.”

Ndasankha Nambala 7, yofatsa kuposa zonse, imene sinandivutitsepo. Ndadina. Yaimuna, yofiirira, yamoyo, ilipo. Ndatembenuza foni kuloza kukhola. Sindikuiona. Ndaitana. Malume akuyang'ana nsapato zawo.

Alekichala akuti, “Nanga chapachikidwa pa mtengo wa mango kumbuyo kwakoko n'chiyani?”

Ndacheuka.

Malume aweramira pa foni mwaulemu: “Ndi Nambala 7 imeneyo, bwana. Kwabwera alendo.”

Amayi akuwa kuti imeneyonso inali ya malemu. Anti akuti mwendo umodzi ndi wawo. Alekichala atsegula pakamwa, nkhope yawo yauma pomwepo pakamwa pali yasa. Netiweki yapita.

Ndakhala pachulu mpaka chiswe chayamba kundiluma.

Nyama yake ndi yofewa. Ndadya ndikulira, koma ndadya.

Lamulungu

Sindinagone mpaka dzuwa kutentha. Tonde wandidzutsa.

Titaweruka kutchalitchi a Chimbalanga agamula, atakhala pampando wanga wa pachulu uja poti ndi wokhawo wosagwedera. Zakuda ndi zamawangamawanga, za amayi. Yoyera ndi ana ake, ya anti, ndipo anti akuti ikakhala kwa achimwene awo kuti ipume. Zina ziwiri malume agulitsa pomwepo kwa wa kanyenya wamtali uja, akuti mtima wawo wachoka pa mbuzi. M'khola mwatsala tonde yekha, amene aliyense wamukana.

Ndiye kuti ndapanga detabesi ya bizinezi imene kulibenso. Ndaipanga ndine, ndaithetsanso ndine.

Chodabwitsa n'chakuti palibe wokwiya. Amayi ndi malume akhala pamphasa imodzi akudya zam'kati zotsala dzulo, akukumbutsana mmene agogo ankathamangitsira mbuzi yakuda ija ndi munsi m'manja. Akuseka mpaka misozi. Amayi akuti papita zaka asanacheze chonchi ndi mlongo wawo. Ngolo yotengera mbuzi zawo ku Mitundu apeza ndi malume omwe, ndipo awathandiza kumanga zingwe.

Masana uthenga walowa kuchokera kwa alekichala. Ndatsegula diso limodzi lili chotseka. Akuti sindinakhoze, komanso sindinalakwe. Akuti pa ophunzira onse ndine ndekha ndakumana ndi bizinezi yeniyeni. Andiwonjezera sabata ina kuti ndipereke detabesi yogwira ntchito. Lamulo ndi limodzi: mwini bizinezi akhale yemweyo.

Ndawawerengera malume. Akondwa kwambiri. Akuti ndisadandaule, bizinezi yatsopano aipeza kale, ndipo katundu afika mawa kuchokera ku Diamphwe.

Ndafunsa kuti katundu wanji.

Nkhanga.

Zimauluka. Zimaikira mazira kutchire. Zonse nkhope imodzi, madontho okhaokha.

Ndapempha anti andisungire madzi osamba. Mawa ndidzuka molawirira.