Ndinapita ku Thambani kukafunsa, ndinakafunsidwa ndine

Mpaka lero ndikamva mawu anga pa wailesi, ndimakumbukira manyazi omwe ndinakawatenga ku Thambani.

Ndinali pa mwezi woyesedwa ntchito pa kawailesi kena kuno ku Mwanza. Mkonzi wathu anandiuza mosapsatira kuti ndikacheze ndi Mayi Nachisale a ku Thambani, ndibweretse mbiri yawo pofika Lachisanu, apo ayi ntchito ndiiwale. Mayiwa ndi mtolankhani wopuma. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, amuna a mu ofesi akunena kuti mkazi aziwaphikira tiyi, mayiwa ankapalasa njinga kukalemba za anthu othawa nkhondo kumalire.

Ndinakwera kabaza, mafunso ali thoo m'kope. Ndinawapeza akuswa mtedza pakhonde, ndipo ndinayatsa foni kuti ijambule mawu.

"Mayi, utolankhani munauyamba bwanji?"

"Ndikuuzani, mwanangu. Koma inuyo kwanu n'kuti?"

Ndinayankha. Iwo anangoti "Ehe?" n'kukhala chete akundiyang'ana. Ine kukhala chete kumandiyabwa (amene amandidziwa ayamba kale kuseka), choncho ndinapitiriza. Ndinafotokoza za kusukulu. "Ehe?" Za bambo anga omwe ankafuna ndikhale namwino. "Ehe?" Mpaka za chibwenzi changa chomwe chinathawira ku Joni ndi sutikesi yanga. Ndinalirako pang'ono, iwo n'kundipatsa mtedza.

Ndinabwerera ndikudzitama kuti tacheza maola awiri. Lachinayi m'mawa ndinatsegulira mkonzi zojambulazo ndisanazimvereko ndekha, anzanga onse ali pomwepo. Mawu a Mayi Nachisale analimo ndithu: "Ehe?" Zina zonse ndinali ine, ndi sutikesi yomwe. Anthu anaseka mpaka misozi. Mkonzi sanaseke.

Masana omwewo ndinabwereranso ku Thambani, nkhope ili pansi. Ndinapeza mpando wanga uli kale pakhonde.

"Ndimakudikirani," anatero mayi aja. "Masiku athu, akuluakulu ankanyansidwa kufunsidwa ndi mkazi. Ndiye ine ndinkafunsa kamodzi n'kutseka pakamwa, iwo ankadzaza okha mpatawo. Tsopano funsani, kenako mtedzawu muponye m'kamwa."

Ndinatafuna mtedza mpaka nsagwada kuwawa, iwo akusimba. Lachisanu pulogalamu inaulutsidwa, ndipo ntchito ndinaipeza.

Mayi aja ndimawathokoza ndi mtima wonse, chifukwa akanatha kundibweza pakhomo. Lero ndinakhala pansi kuti ndilembe za iwowo. Koma taonani, nkhani yonseyi ndadzikambanso ndekha.