Thumba la Aphunzitsi Kamwendo

Lolemba

Basi, ndaganiza. Kupereka kwa chipwirikiti kutha sabata ino!

Foni siipuma. Pa gulu lathu la Amalawi a ku Indiana lero lokha pali ukwati ku Kasungu, denga la tchalitchi ku Ntcheu, ndi mwana wa msuweni wa munthu amene sindimudziwa n'komwe, akufuna laputopu. Timapereka inde, koma ngati tikuwazira nkhuku chimanga.

Nthawi ya nkhomaliro ndatuluka kuchipatala ndi yunifomu yanga ya unesi, ndalunjika ku fawundeshoni, bungwe losunga ndalama zachifundo kuno ku South Bend. Mayi Linda, amene amalandira opereka, andipatsa khofi n'kundifotokozera bwinobwino. Mumaika ndalama kwa iwo, amazisunga n'kumazichulukitsa, ndipo chaka chilichonse phindu lake limapita ku bungwe lovomerezeka lomwe mwasankha, monga lolipirira ana sukulu. Thumbalo limakhala ndi dzina, ndipo silifa.

Silifa! Dzina ndili nalo kale: Thumba la Aphunzitsi Kamwendo. Malemu bambo anga anaphunzitsa ana a anthu ku Dowa moyo wawo wonse, koma dzina lawo lili pachiliza pokha. Zimandiwawa.

Ndalama zanga za ovataimu zikukwana theka la zoyambira. Theka linalo ndikalipeza Loweruka, pa msonkhano wa Amalawi ku Indianapolis. Mayi Linda avomera kudzafotokoza okha.

Zofunika Loweruka:
macheke, osati ndalama zam'manja
malisiti
bata
kuyamba pa nthawi yake

Amuna anga awerenga, aseka mpaka kutsamwa tiyi.

Lachiwiri

Ndaimbira Bambo Chirwa a ku Beech Grove, wapampando wathu. Akondwa kwambiri. "Zimenezi ndiye za anthu ophunzira, mayi. Ndasapota ndi mtima wonse." Kenako afunsa kuti wina akamwalira tizikatapa bwanji.

Ndafotokoza kuti sitingatape. Ndalama ikalowa yalowa. Sipita kumaliro, sipita m'manja mwa munthu, ngakhale m'bale wako weniweni.

Bambo Chirwa afunsanso:

"Ndalama yoti sungapepesere nayo maliro, imeneyo ndi ndalama kapena chithunzi cha ndalama?"

Ndayankha mwaulemu. Mumtima ndayankha zina.

Lachitatu

Ndinawapempha Bambo Chirwa kuti asaike nkhaniyi pagulu. Aika. Mauthenga ngati matalala!

Thumba aliyense akulifuna. Chavuta ndi dzina. Akumpoto akufunsa kuti bwanji munthu wa ku Dowa. Mayi Mbewe, aja okazinga mandasi pa zochitika zathu zonse, akuti bambo awo analinso mphunzitsi, wamkulu kumene. Abusa akuti dzina lopanda mawu a m'Baibulo silingadalitsike. Wina akufunsa tsiku loyamba kukongola: "Si banki mkhonde ya azungu kodi?"

Asankha komiti. Komiti yasankha komiti ya zakudya. Ine mwini ganizo sindili mu iliyonse.

Mmodzi yekha wandilembera padera zanzeru. Tiyamike, mtsikana wophunzira unesi ku Indianapolis, amene amasamalira okalamba kumapeto kwa sabata kuti apeze ya lendi. "Anti, musagive up. Ine sekondale anandilipirira anthu oti sindinawaonepo." Ndawerenga kawiri, mtima wakhala pansi.

Lachinayi

Komiti yagamula: macheke ayi. Tichita perekani-perekani, ngati paukwati. Bambo Chirwa akuti Mmalawi sapereka atakhala pansi. Apeza kale mkulu wa mwambo ndi woyimba nyimbo.

Ntchito yanga, poti ndine mwini ganizo, ndi kukasintha ndalama kuti pakhale madola amodziamodzi oponya. Kubanki mtsikana wa pawindo wandiyang'ana, wayang'ana yunifomu, wayang'ananso ine. Ndanena kuti ndi za mpingo. Wagwedeza mutu ngati dokotala womva wodwala akunama.

Ndaimbira Mayi Linda kuwachenjeza. Ndati kwathu munthu amaitanidwa ndi gulu lake, amabwera akuvina, n'kumaponya ndalama m'lichero imodziimodzi mpaka nyimbo ithe. Afunsa modekha kuti malisiti tilemba bwanji. Mayi inu, lisiti la munthu amene akuvina?

Ndafufuta macheke. Ndafufuta malisiti.

Lachisanu

South Bend yonse ilibe lichero. Amuna anga akhuthula zovala pabedi n'kundipatsa basiketi yochapira. Yapulasitiki, yabuluu, chogwirira chimodzi chothyoka. Thumba losafa liyambira m'menemo!

Pologalamu yafika. Pemphero, kwaya, mawu a wapampando, kwaya ina, chakudya, perekani-perekani. Mayi Linda ali pansi penipeni: "mlendo, nthawi ikalola."

Ndawauza Mayi Linda nthawi yomwe yalembedwa pa pologalamu. Amuna anga akuti ndawachimwira mayi wosalakwa.

Cheke changa ndalemba, ndasaina. Ovataimu yanga yonse ili pa kapepala kameneka. Malo a dzina okha ndasiya, poti dzinalo akulimbiranabe. Ndachiika m'chikwama pamodzi ndi chithunzi cha bambo, chija avala jekete lodzaza choko.

Loweruka

Msewu wa ku Indianapolis, minda ya chimanga mbali zonse, ine ndikuloweza mawu anga. Tafika pa holo ya ku Lafayette Road. Tapeza Mayi Linda atayala kale mipando yonse pamodzi ndi mlonda. Anafika chitseko chili chokhoma. Ndafufuta kuyamba pa nthawi yake.

Makwaya ayimba. Mayi Mbewe awadyetsa Mayi Linda mandasi, osawapatsa mpata wokana. Kenako nyimbo gwaa, basiketi yabuluu pakati. Bata nalo ndafufuta.

"Onse a ku South Bend, bwerani!" Tapita. "Onse ogwira naiti!" Theka la holo. "Onse amene galimoto zawo zili pangongole!" Holo yonse yadzuka, ndi abusa omwe. Ndikutembenuka, ndi awo Mayi Linda avula nsapato, akuvina mosemphana ndi ng'oma, akuponya madola ngati anabadwira ku Mchinji. Ndalama zatha, athamangira kwa osintha ndalama kukatenga zina!

Ndisabise, ndasangalala. Basiketi ikudzaza. Ndikuona dzina la bambo lili pa pepala la ofesi.

Ndiye foni ya Tiyamike yalira. Watuluka nayo panja, Mayi Mbewe amutsatira. Abwerera atamugwira m'chiuno. Nyimbo yazima. Amayi ake agonekedwa kuchipatala ku Lilongwe, achibale akuti ngati angathe abwere msanga. Mwanayo alibe ya tikiti, alibe ya chipatala, ndipo akachoka lendi siyimudikira.

Palibe waitana komiti. Bambo Chirwa anyamula basiketi, ayima nayo, ayang'ana ine. Holo yonse yayang'ana ine.

Bambo anga atadwala, anthu omwewa ndi amene anandisonkhera tikiti, mwachipwirikiti chomwechi. Ngakhale choncho ndinafika nkhata zitayamba kufota pamanda. Ululu umenewo sindingamufunire munthu.

Ndati, "Mukudikira chiyani, bambo? Mpatseni." Madola amodziamodzi ndi ochuluka m'maso chabe, tikiti ya mwadzidzidzi sangaikwanitse. Ndatulutsa cheke. Cholembera changa chakana. Mayi Linda andipatsa chawo, cholembedwa dzina la fawundeshoni. Pamalo a dzina ndalemba Tiyamike.

Nthawi sinalole kuti mlendo alankhule.

Lamulungu

Miyendo ikuwawa. Kubanki kuli mbee. Mndandanda wa Lolemba wonse ndi mizere yofufuta.

Tiyamike watumiza uthenga ali pabwalo la ndege. "Anti, ndikubod'a tsopano. Ndalankhula nawo amayi, akuti ndisaiwale mafuta odzola." Munthu wofuna mafuta odzola sanafune kumwalira. Ndalira pang'ono m'bafa, ndatuluka ngati sindinalire.

Mayi Linda alemba kuti thumba tingatsegule chaka chilichonse, fawundeshoni sithawa. Pansi pake afunsa kuti mwambo wina woponya ndalama uliko liti, ndiponso ngati Mayi Mbewe amalandira maoda.

Bambo Chirwa alengeza pagulu kuti thumba lathu layenda bwino kwambiri, lagwira ntchito tsiku lomwelo. Akuthokoza komiti. Sindiyankha.

Amuna anga andifunsa chomwe ndinalemba pa kamzere kapansi ka cheke, kaja kofotokoza kuti ndalamazo ndi za chiyani, poti anandiona ndikuchedwa napo. Ndinalemba kuti Thumba la Aphunzitsi Kamwendo. Palibe anatsutsa dzinalo. Lakhala ndi moyo masana amodzi, lathandiza wophunzira mmodzi. Bambo anga akanafunsa kaye ngati mwanayo amakhoza m'kalasi.

Ndikubweza zovala mu basiketi yabuluu, ndapeza dola imodzi itakanirira pansi. Ndaiwongola, ndaiika kumbuyo kwa chithunzi cha bambo. Mawa ndikalembetsa ovataimu.