Tsiku Limene Injiniya Anatsogolera Bandi ya Asilikali

Pulani inabadwira pa botolo lachinayi, monga mapulani onse a Injiniya. Kusukulu ya uinjiniya sanapondeko. Dzinalo analipata atamasula chitseko cha golosale n'kuthawa nacho, katundu yense n'kumusiya.

Masana amenewo m'bala munali madala ena opuma usilikali, akusimba za bandi imene anaimbamo zaka makumi atatu.

"Inayamba ndi malipenga awiri ndi ng'oma imodzi, nthawi ya atsamunda," anatero madalawo. "Ntchito yake inali kudzutsa asilikali ndi kuwagubitsa. Lero mlendo wa boma akafika, ndife. Msilikali akatisiya, ndife. Nanga ndodo ya wotsogolera! Mutu wake ndi siliva yekhayekha."

Mbiri yonseyo inamupita kumbali Injiniya. Anangotolapo siliva.

"Aise, dilu yapsa," ananong'oneza anzake awiri, Kafupi ndi Mphuno. "Kwa anthu olemera kuli agalu. Koma asilikali, ndani amawalondera?"

"Nanga mfuti?" anafunsa Mphuno.

"A bandi mfuti aidziwira kuti? Akuwombera ndi chitoliro?"

Mlamu wake wa Kafupi ankachapa mayunifomu a bandi, ndiye Lachisanu m'mawa atatuwo analowa pageti la kampu ya asilikali atavala zofiira, mabatani ali waliwali. Wapageti anachita kuwamenyera sawatcha.

M'chipinda cha zida zoimbira, Mphuno anadzikoleka ching'oma. Kafupi anavala chilipenga chozungulira thupi, n'kutsala miyendo yokha. Injiniya anatenga ndodo ija ndi chipewa chaubweya chofika m'maso.

Potuluka anangoti gululu ndi amuna makumi asanu ali ndandanda, akudikira wotsogolera wawo, amene anali kuseri akufunafuna chipewa chake.

"Inu awiri, mwachedwa! Pamzere!" anakuwa sajeni. Kafupi ndi Mphuno analowa pamzere.

Injiniya anati angodutsa kutsogolo ngati munthu wotumidwa. Mwatsoka ntchentche inamutera pamlomo, iye n'kukweza ndodo kuti aipirikitse.

Bandi inaphulika.

Paja woimba wa bandi sayang'ana nkhope, amayang'ana ndodo. Injiniya anatuluka pageti, bandi pambuyo. Anakhotera kumanzere, bandi kumanzere. Analiyatsa liwiro, nyimbo nayo inathamanga. Analowa mumsika, amuna makumi asanu anaguba pakati pa mabenchi a tomato osaphwanya ngakhale mmodzi. Injiniya anayesa kukwera minibasi.

"Onsewa ndi anu?" anafunsa kondakitala, n'kutseka chitseko.

Kumbuyoko Mphuno ankaimba ng'oma misozi ili chuchuchu, Kafupi akuliza chilipenga ngati ng'ombe yokanika kubereka.

Injiniya anaganiza zoitaya ndodoyo. Anaiponya ndi mphamvu zake zonse. Inazungulira katatu m'mwamba n'kumubwerera m'manja. Khamu la anthu linaomba m'manja, amayi nthungululu.

Injiniya anathawira kwawo. Mkazi wake anatuluka ndi thovu la sopo m'mikono.

"Bambo a ana! Ntchito mwaipeza osandiuza? Ndiyetu ndikauze amayi!"

"Tsekula chitseko, iwe!"

"Alendo onsewa ndiwakhazika pati?"

Dzuwa lili paliwombo, mapazi atatupa, Injiniya anakadzipereka yekha kupolisi. Bandi inaima pakhomo ikugubira malo amodzi, malata akunjenjemera.

"Bwana, ndine wakuba! Ndimangeni!"

"Mwati chiyani?" anakuwa wapolisi, dzanja kukhutu. "Aletseni kaye anzanuwo!"

"Poletsera sindipadziwa!"

Wapolisi anamulanda ndodo, nati imeneyo ndi umboni. Anagwira Injiniya pakolala n'kuyamba kumukokera kuchitokosi, ndodo ili m'mwamba kuti ingakhule pansi.

Bandi inasintha nyimbo n'kumutsatira m'kanjira kopapatiza, awiriawiri. Motero Mphuno ndi Kafupi analowa m'chitokosi ndi miyendo yawo, popanda wowagwira. Chilipenga chinakakamira pachitseko, ndipo apolisi anayi anatha ola lathunthu akumusolola Kafupi. Pokoka paliponse, chinkalira.